Mafunso ndi mayankho okhudza ntchito yokwera, kudulira ndi kugwetsa mitengo

Mafunso awa ndimafunsidwa kawirikawiri. Ena amachokera kwa achinyamata ofuna kuyamba ntchitoyi, ena kwa eni mitengo amene amaima chapatali, manja m'chiuno, n'kumandiyang'ana ndili m'mwamba. Ndayankha monga mmene ndaionera ntchitoyi pa zaka zimene ndakhala pa chingwe.

Kodi ntchito yanuyi si kungodula mitengo basi?

Kudula aliyense amadula. Ngakhale mwana mutam'patsa chikwanje, nthambi igwa ndithu. Ife chimene timalipidwira ndi kudziwiratu, macheka asanakhudze khungwa, kumene nthambiyo igwere, mmene thunthu ligwedezekere likapepukidwa mbali imodzi, ndiponso mmene mtengowo udzaonekere pakatha zaka zisanu. Wodula mitengo ya matabwa amakhala ndi malo ogwetsera. Ife pansi pathu pamakhala denga la munthu, mpanda, galimoto kapena msewu, ndiye mtengo timautsitsa kuyambira kunsonga, chidutswa chilichonse chili pa chingwe. Masiku ambiri sitigwetsa n'komwe. Timadulira, timachotsa nthambi zouma, timayeza ngati mtengo udakali wolimba, timachotsa zitsa, nthawi zina timabzala.

M'Chingerezi amatitcha tree surgeon, ngati kuti ndife madokotala ong'amba. Dzinali linatchuka chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, pamene anthu ankachita ndi mphako ya mtengo zimene dokotala wa mano amachita ndi dzino lobooka: kukokota powola ponse n'kutsekapo ndi simenti. Njirayo inasiyidwa itapezeka kuti sithandiza, koma simentiyo idakalimo m'mitengo ina yakale, ndipo tcheni cha macheka a injini chikakumana nayo mano ake onse amathera pomwepo.

Ndikufuna kuyamba. Ndiyambire pati?

Pansi. Aliyense amabwera maso ali m'mwamba, koma chaka choyamba, mwina ziwiri, mudzakhala mukukoka nthambi, kuzilowetsa m'makina ozigaya, kunyamula zipika, kusesa utuchi pakhomo pa eni ake, kunola, ndi kumasula zingwe zopiringizana. Musaione yonyozeka. Apo m'pamene mumadziwira kulemera kwa mtengo wauwisi, fungo la mtengo wowola, ndi malo amene munthu sayenera kuimapo. Wokwera amene sanakhalepo pansi amazunza anzake. Amangounjika nthambi pamodzi, matsinde atayang'ana uku ndi uku, osadziwa kuti wina athyoka msana pozimasula.

Ziphaso zimasiyana dziko ndi dziko, koma ndondomeko yanzeru imafanana: chithandizo choyamba kwa ovulala, kusamalira ndi kugwiritsa ntchito macheka a injini muli pansi, kugwetsa mitengo ing'onoing'ono, kukwera ndi kupulumutsa mnzanu wovulalira m'mwamba, ndipo pomaliza penipeni kudula ndi macheka a injini muli pa chingwe. Taonani kuti kupulumutsa kwabwera kudula kusanafike. Mabungwe akuluakulu a ntchitoyi alipo, monga International Society of Arboriculture, limene linayamba mu 1924 ku America, ndi Arboricultural Association la ku Britain, la mu 1964. Loyambalo limafuna zaka zitatu pa ntchito munthu asanalembe mayeso a chiphaso chake, pokhapokha atakhala ndi maphunziro a kukoleji ochotserako zakazo.

Ndikakhala pamwamba ndimachita mantha. Ndiye kuti ntchitoyi si yanga?

Musafulumire. Tsiku langa loyamba ndinangofika mamita 7, miyendo inayamba kunjenjemera ngati ndagwidwa malungo, ndipo ndinakumbatira thunthu mpaka khungwa linandidinda patsaya. Amene ankandiphunzitsa sanandiseke. Anangoti, "Siyani mtengowo, khalani m'lamba." Kuchotsa manja onse awiri n'kulola chingwe chikunyamuleni ndi phunziro lovuta kuposa mfundo zonse. Mantha amachepa mukayamba kukhulupirira zida zimene mwaziyendera nokha, koma satheratu, ndipo ine sindifuna atatheratu. Munthu amene ndimakana kugwira naye ndi uja amati iye saopa kanthu.

Komabe ngati patha miyezi mukuyesa, ndipo mukafika pamwamba mutu umangoima, musadzikakamize. Kuyendetsa makina, kutsitsa zipika, kuyeza mitengo ndi kulemba malipoti, konseku kumafunika anthu.

Pamafunika mphamvu zambiri? Nanga thupi silitha msanga?

Anthu ochepa thupi, amuna ndi akazi omwe, nthawi zambiri amakwera bwino kuposa adzitho, chifukwa amakwera ndi miyendo m'malo mokoka thupi lonse ndi mikono. Zimene zimayamba kudandaula ndi mapewa, zigongono, mawondo ndi msana. Palinso ziwiri zobwera mwakachetechete. Macheka a injini amalira kupitirira madesibelo 100, pamene makutu amayamba kuwonongeka munthu akamakhalitsa pa phokoso la madesibelo 85, ndipo khutu likagontha motero silibwereranso. Chinacho ndi kunjenjemera kwa makina. Pakapita zaka zala zimachita dzanzi, zimayera kukazizira, mpaka munthu kulephera kumanga batani la malaya. Tcheni chakuthwa, kupumira, ndi manja ofunda zimachedwetsa vutoli.

Ndi zida ziti zimene sindingayambe popanda izo?

Chisoti chokhala ndi lamba wa pachibwano, zotseka m'makutu, zoteteza maso, jombo zolimba, ndi buluku lapadera la macheka. Bulukuli anthu ambiri salimvetsa. Tcheni chimaling'amba ndithu, ndipo linapangidwa kuti ling'ambike. M'kati mwake muli ulusi wautali wambirimbiri, tcheni chikaboola nsalu yakunja chimakoka ulusiwo, ulusi n'kukadzaza pa kagudumu koyendetsa tcheni, makina n'kuima. Lolembedwa Class 1 linayesedwa ndi tcheni chothamanga mamita 20 pa sekondi. Wokwera amavala lotchinga mwendo wonse kuzungulira, chifukwa m'mwamba macheka amabwerera mbali iliyonse. Limatentha, inde. Valani basi.

Zokwerera ndi lamba womanga m'chiuno ndi m'ntchafu, chingwe chachitali, kachingwe kafupi kozunguliza pa thunthu, ndi ngowe zachitsulo zodzikhoma zokha. Pa lambapo pakhale macheka a m'manja, wezulo, ndi bandeji yaikulu yoletsa magazi pamalo oti dzanja lililonse lifikepo. Chingwe chokwerera musatsitsire zipika, ngakhale kamodzi. M'mawa uliwonse chidutsitseni m'zala kuyambira uku mpaka uko. Ku Britain lamulo limafuna kuti zida zokwerera ziyenderedwe ndi munthu wodziwa miyezi 6 iliyonse, ndipo chimenecho n'chizolowezi chabwino kwa aliyense. Lamba kapena chingwe chakale chimene simukudziwa kumene chadutsa, musagule.

Zisonga zomanga kumiyendo n'zokwerera mtengo umene ukuchotsedwa. Pa mtengo woti ukhalebe, phazi lililonse limasiya bala.

Makwerero sangakwane?

Makwerero ndi macheka a injini siziyendera limodzi. Nthambi ikaduka imagwa ndi nsonga, tsinde lake n'kubwerera kudzakankha makwererowo, inu manja onse ali pa makina.

Nanga mumakwera bwanji mtengo wopanda nthambi m'munsi?

Timaponya kathumba kolemera komangidwa ku kachingwe kopyapyala, kadutse pa mphanda yolimba m'mwamba, kenaka kachingweko kamakoka chingwe chenicheni. Kuponyaku kumachotsa munthu ulemu. Lero kamodzi kokha, mawa mphindi 40 mwini nyumba akuonerera. Mphandayo ikhale yamoyo, chingwe chizungulire thunthu lenileni, ndipo musananyamuke muilemere kaye anthu awiri muli pansi. Chimene chimakugwirani pa chingwe ndi mfundo yoyenda mukaikankha ndi dzanja koma yoluma mukailemera. Yodziwika kwambiri ndi ya Prusik, yotchedwa dzina la Karl Prusik, wokwera mapiri wa ku Austria amene anaionetsa mu 1931. Masiku ano kuli tizitsulo togwira ntchito yomweyo, koma yambani mwadziwa mfundo.

Podula muzikhala mutamangirira pawiri. Tsiku lina chakumadzulo, nditatopa ndipo ndikuthamangira kumaliza, macheka a m'manja anapitirira nthambi n'kukhudza chingwe changa. Kukhudza chabe, koma chingwe chokokeka chimaduka ngati ulusi, ndipo theka lake linali litapita. Kachingwe kachiwiri n'kamene kanandisunga mpaka ndinamanganso. Akuluakulu amati tsiku lakufa nyani mitengo iterera. Ine ndaona kuti mitengo imakonda kuterera dzuwa likapendeka, pa nthambi yomaliza, munthu mutu uli kale kunyumba.

Ngozi yaikulu ya macheka a injini ndi iti?

Kudumpha. Chigawo chapamwamba cha nsonga ya macheka chikagunda chipika kapena nthambi yobisika, mano amaluma mwadzidzidzi ndipo makina onse amadumphira chakumaso kwanu, mofulumira kuposa mmene dzanja lingabwezere. Buleki imene ili kutsogolo kwa dzanja lamanzere inaikidwa chifukwa cha zimenezi, ndipo macheka opanda buleki yogwira asalizidwe. Chala chachikulu chamanzere chizungulire chogwirira, mutu usakhale mzere umodzi ndi tcheni, musadule kupitirira mapewa, ndipo mukamasuntha khomani buleki.

Makina oyamba a Andreas Stihl, wopanga macheka a injini wa ku Germany, a mu 1926, ankagwiridwa ndi anthu awiri. Lero kuli timacheka ta okwera, togwirira pamwamba, topepuka moti munthu amakopeka kudula ndi dzanja limodzi linalo litagwira nthambi. Mabala ambiri a kudzanja lamanzere amene ndaona anabwera motero. Ndipo bala la tcheni silifanana ndi la mpeni. Tcheni chimachotsa mnofu n'kusiya ngalande yodzaza utuchi ndi oyilo.

Ndidziwa bwanji kuti tcheni chabuntha?

Yang'anani zimene chikulavula. Chakuthwa chimatulutsa tizibenthu ndipo chimadzilowera chokha. Chobuntha chimatulutsa ufa, chimafuna kukankhidwa, ndipo chimadula mokhota. Kukhudza dothi sekondi imodzi n'kokwanira kuchibunthitsa. Nolani ndi tupa lozungulira loyenera tcheni chanu, nthawi zambiri pa madigiri 30, mano onse mofanana, ndipo nthawi ndi nthawi muzitsitsako timitu tomwe tili kutsogolo kwa dzino lililonse, chifukwa ndito timalamula kuzama kwa kuluma. Injini zambiri zimafuna oyilo wosakaniza ndi petulo pa mlingo wa 1 kwa 50, kutanthauza mamililita 100 m'malita 5. Petulo wopanda oyilo amapha injini m'mphindi zochepa.

Nthambi iyenera kudulidwa pati kwenikweni? Ndipake mankhwala pabalapo?

Apa ndikhalitsapo, chifukwa mitengo yambiri imene timaitanidwa kukagwetsa inaphedwa ndi munthu amene anaidulira zaka khumi zapitazo.

Mtengo suchira monga timachirira ife. Bala la munthu limapola, mnofu watsopano n'kulowa m'malo mwa wakale. Mtengo umamanga malinga kuzungulira pamene pavulala kuti kuwola kusafalikire, kenaka umakula n'kukwirira balalo, koma m'katimo limakhalamo mpaka kalekale. Amene anazionetsa bwino zimenezi ndi Alex Shigo, wasayansi wa nthambi ya boma la America yoona za nkhalango, amene anang'amba mitengo masauzande ambiri m'litali kuti aone mmene kuwola kumayendera. Zimene anafalitsa m'zaka za m'ma 1970 zinasintha kaduliridwe ka mitengo.

Pamene nthambi yalumikizana ndi thunthu pamakhala potupa ngati kolala, ndipo chapamwamba pali kamzere ka khungwa lokwinyika. Malinga aja amayambira mmenemo. Dulani kunja kwa potupapo. Mukadula mopalira thunthu kuti paoneke posalala, mwagumula malingawo ndipo kuwola kulowa m'thunthu. Mukasiya chiputu chachitali, chimauma n'kukhala khomo la bowa ndi tizilombo.

Nthambi yolemera imadulidwa katatu. Poyamba chekani pang'ono kunsi kwake, masentimita ngati 30 kuchokera ku thunthu. Kachiwiri dulani kuchokera pamwamba, patsogolo pang'ono pa poyamba paja, nthambi igwe. Kachitatu chotsani chiputu chotsalacho pa kolala. Mukangodula kamodzi kuchokera pamwamba, nthambi imathyoka isanathe n'kusenda khungwa la thunthu mpaka m'munsi.

Za penti, phula kapena oyilo, musapake. Siziletsa kuwola, ndipo zikang'ambika zimasunga chinyezi. Eni mitengo ena amaona ngati ndasiya ntchito yosamaliza, ndipo ndimawafotokozera ndithu. Komanso musachotse kupitirira gawo limodzi mwa magawo anayi a masamba nthawi imodzi. Masamba ndiwo amadyetsa mtengo.

Mtengo wanga watalika kwambiri. Simungangoudula mutu?

Pempho limeneli ndi limene ndakanganapo ndi anthu ambiri. Mtengo ukadulidwa mutu umasiyidwa ndi mabala aakulu amene sungawatseke, ndipo poti wataya masamba umatulutsa mphukira zambirimbiri mothamanga. Mphukirazo zimamera kunja chabe, pafupi ndi khungwa, pamwamba pa chitsa chimene chikuwola. Pakatha zaka zochepa mtengo wabwerera pa msinkhu womwe uja, koma tsopano nthambi zake n'zolemera ndiponso zosagwira. Munthu ankaopa mtengo wautali, wapeza mtengo wautali wowola.

Njira yabwino ndi kufupikitsa nthambi iliyonse mpaka pa nthambi ina yam'mbali yokula mokwanira kutenga udindo, yosachepera gawo limodzi mwa magawo atatu a kunenepa kwa imene yadulidwayo. Zimatenga nthawi, ndipo zikachitika bwino wodutsa sazindikira n'komwe kuti mtengo wadulidwa. Ngati mtengowo ndi wosayenera malowo, kuli bwino kuuchotsa n'kubzala wamtundu waufupi. Ndinakanapo ntchito zotere, wina n'kubwera mawa lake kudzadula mutuwo. Ndimadutsapo n'kuyang'ana kumbali.

Mumadziwa bwanji kuti mtengo ndi woopsa?

Masamba obiriwira sanena zonse. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Madzi ndi chakudya zimayenda m'mbali mwa thunthu, choncho mtengo ukhoza kukhala wobiriwira bwino m'kati mutatha. Ndisanakwere ndimauzungulira wonse, kuyambira pansi. Ndimafuna bowa wolimba womera patsinde kapena pamizu, monga wa mtundu wa Ganoderma, dothi lotukuka kapena long'ambika mbali imodzi, ming'alu yoyenda m'litali, ndi kupendekeka kwatsopano. Mtengo umene unakula chopendekeka nthawi zambiri unadzilimbitsa. Umene wapendekeka mwezi uno ndi nkhani ina. Ndimayang'ananso mphanda zothina, pamene mathunthu awiri akula mopanikizana khungwa lili pakati, chifukwa pamenepo sanalumikizane kwenikweni ndipo mphepo imawang'amba. Kenaka ndimagogoda ndi nyundo n'kumvetsera.

Mphako payokha si chiweruzo cha imfa. Paipi ndi yobooka koma ndi yolimba, ndipo mitengo yambiri yamphako imaima zaka zambirimbiri ngati khoma lake lili lokhuthala. Funso lina ndi lakuti ukagwa ugwera chiyani. Mtengo wowola pakati pa tchire ndi nyumba ya mbalame. Womwewo pambali pa sukulu sungadikire.

Mumatani kuti mtengo ugwere kumene mukufuna?

Mbali yogwera timadula kamwa lolowa gawo limodzi mwa magawo asanu kapena anayi a thunthu. Kumbuyo timadula molunjika kamwalo koma osafikako. Timasiya kamzere kosadulidwa, kokhuthala ngati gawo limodzi mwa magawo 10 a thunthu, ndipo kameneka kamagwira ntchito ya mahinjesi a chitseko. Ndiko kamawongolera mtengo. Mukakadula, mtengo wasanduka wake wa mphepo.

Musanalize makina, yang'anani m'mwamba ngati muli nthambi zouma zolendewera, lambulani njira yothawira chakumbuyo mopingasa, ndipo wina aliyense akhale kutali kuwirikiza kawiri kutalika kwa mtengowo. Ukayamba kuyenda, chokani. Musaime n'kumasirira. Mtengo wopendekeka kwambiri ukhoza kung'ambika m'litali musanamalize kudula, tsinde n'kumenya m'mwamba ngati kukankha kwa bulu, ndiye umafuna kadulidwe kena kamene muyenera kuonetsedwa ndi munthu. Ndipo mtengo ukagwa n'kukodwa mu unzake, musalowe pansi pake, musaukwere, musadule umene waugwirawo. Ukokeni ndi chingwe kapena makina muli patali.

Munthu wa pansi amachita chiyani kupatula kukoka nthambi?

Amasunga moyo wa wokwera. Mtengo wauwisi wa mitundu yolimba umalemera pafupifupi tani imodzi pa kiyubiki mita. Chipika cha masentimita 50 m'mimba mwake, chotalika mita imodzi, ndi makilogalamu ngati 200. Chikagwa pang'ono chingwe chisanachigwire, mphamvu yokoka pamene chingwe chamangidwa imachuluka kangapo. Wa pansi wodziwa amachilola chipikacho kuyenda, n'kuchiimitsa pang'onopang'ono ngati dalaivala wabwino. Wosadziwa amagwira zolimba nthawi imodzi, thunthu lonse n'kugwedezeka, ndipo amene wamangirira pa thunthupo ndi ine. Ndinalumapo lilime kangapo chifukwa cha zimenezi.

Timagwirizanatu mawu. Wokwera amafuula asanadule ndipo sadula mpaka atamva yankho. Komanso palibe kukwera muli nokha. Pansi pakhale munthu wodziwa kukwera, zida zake zili pafupi, chifukwa munthu wokomoka atalendewera pa lamba magazi amadikha m'miyendo, ndipo mphindi zake n'zowerengeka. Othandiza pa ngozi akafika, nthawi zambiri sangathe kukwera mtengo. Wokutsitsani ndi mnzanu yemweyo.

Nthambi zayandikira mawaya a magetsi. Ndingadule mosamala?

Ayi. Magetsi amphamvu amadumpha mpata osadikira kukhudzidwa, ndipo mtengo wauwisi, chingwe chonyowa ndi ndodo yachitsulo zonse zimawadutsitsa. Uzani kampani yamagetsi, athimitse kapena atumize anthu awo ophunzitsidwa.

Mtengo wagwa kale ndi mphepo. Si wosavuta umenewo?

Umenewo ndiye woopsa kuposa woimirira. Nthambi iliyonse yopanikizika ili ngati uta wokoka. Mbali imodzi yafinyika, inayo yakokeka. Mukadula mbali yofinyika mopitiriza, macheka amapanidwa. Mukayamba ndi yokokeka mosaganiza, nthambi imakwapula. Chekani pang'ono kofinyika, malizani kokokeka, mutaima mbali imene singabwerere. Chinanso ndi mizu yozuka pamodzi ndi dothi lake. Thunthu likangodulidwa, chimulu chonsecho chikhoza kubwerera m'dzenje mwake, choncho m'dzenjemo musalowe munthu. Ntchito zoterezi zimabwera anthu ali ndi nkhawa ndipo aliyense akufuna msewu utseguke msanga. M'pamene ndimayenda pang'onopang'ono kuposa masiku onse.

Mumakumana ndi zotani m'mwambamo?

Njuchi, mavu, nyerere zoluma, mileme m'mphako, njoka kumene kuli njoka, ndi misomali imene thunthu linameza kalekale. Njuchi n'zimene ndimaziopa, chifukwa pa chingwe palibe kothawira ndipo phokoso la injini limazikwiyitsa. Imani pansi mphindi zingapo n'kuona ngati pali zolowa ndi kutuluka pamalo amodzi. Mukapeza chisa chokhala ndi mazira kapena ana, ntchito idikire. M'mayiko ambiri lamulo limateteza zisa, ndipo ngakhale likanapanda kutero, milungu ingapo siwononga kanthu. Utomoni ndi utuchi wa mitengo ina zimayabwa kapena kutupitsa khungu, choncho dziwani mtengo musanaukumbatire.

Ndikumanga pafupi ndi mtengo. Mizu yake imafika pati?

Kutali kuposa mmene mukuganizira, ndiponso pafupi ndi pamwamba. Mizu yambiri imakhala m'masentimita 60 oyambirira a dothi ndipo imatambalala kupitirira pamene nthambi zalekezera. Ngalande imodzi pafupi ndi tsinde ikhoza kudula mizu ya mbali yonse. Magalimoto olemera akamaima pansi pake dothi limatsendereka, mizu n'kusowa mpweya. Mtengo sufa pomwepo, umafota pang'onopang'ono, ndipo pomadzauma palibe amene akukumbukira ngalande ija. Muyezo wa ku Britain umati malo otetezedwa atalike kuchokera patsinde kuwirikiza ka 12 kunenepa kwa thunthu. Thunthu la masentimita 50 likufuna mamita 6 mbali zonse.

Nanga za makasitomala, pali zimene munaphunzira mochedwa?

Musatchule mtengo wa ntchito musanaone malo ndi maso anu. Pa chithunzi mtengo uliwonse umaoneka waung'ono. Kudula n'kwachangu, chimene chimadya tsiku ndi kutulutsa. Mtengo umene uli kuseri kwa nyumba, kanjira kake kopapatiza, ndi ntchito yowirikiza poyerekeza ndi womwewo pamsewu. Lembani zonse: mtengo uti, nthambi ziti, zipika zitsala kapena zichoka, chitsa chikhala kapena ayi. Mawu akuti "mungoupepuza pang'ono" ali ndi matanthauzo ochuluka ngati anthu owanena.

Funsani kuti mwini wake weniweni wa mtengo umene mukukadula ndi ndani. Ine ndinaduliratu nthambi zitatu za mtengo wa m'malire, amene anandiitana akundiloza ndi chala, mpaka mwini wake anatulukira uko akufuula. Nthambi sizibwezeredwa. Kuyambira pamenepo ndimagogoda kaye kwa oyandikana nawo. M'madera ambiri mitengo ina ndi yotetezedwa ndipo pamafunika chilolezo cha boma kapena khonsolo musanaikhudze. Inshuwalansi nayo musaizembe, chifukwa chipika chimodzi pa denga la munthu chikhoza kudya phindu la chaka. Ndipo sesani bwino. Ambiri sadziwa ngati mwadula pa kolala, koma utuchi pa khonde amauona.

Mvula ikagwa mumagwira?

Yowaza timagwira, ngakhale khungwa limaterera. Mphepo yamphamvu kapena mphezi, timatsika.

Simumva chisoni pogwetsa mtengo waukulu?

Nthawi zina ndimamva. Wowola, woti ugwera ana, ndimaugwetsa mtima uli m'malo. Wabwinobwino, wochotsedwa chifukwa masamba ake amadetsa galimoto, umandikhala pakhosi, ndipo ndimayesa kaye kuonetsa mwini wake njira ina. Ena amamva, ena ayi.

Kumene nyengo zimasiyana bwino, chitsa chimaonetsa mizere yozungulira, umodzi pa chaka. Tikamaliza ndimakonda kupukuta utuchi n'kuiwerenga. Yotakata ndi ya zaka za mvula, yothinana ya chilala, ndipo mabala akale amaoneka akuda, atatsekeredwa m'malinga awo. Tsiku lina mayi wina wachikulire, amene anatiitana chifukwa mtengo wake unawola mizu, anagwada nane pa chitsa. Tinawerenga limodzi kuchokera kunja kulowa m'kati, ndipo titafika pa kabala kena kakuda anaika chala pamenepo n'kunena kuti chaka chimenecho n'chimene malemu amuna awo anakhomapo msomali wa chingwe choyanikira zovala. Tinakumba ndi mpeni. Msomaliwo unalimo, ndipo tcheni changa chinaulambalala ndi masentimita awiri okha.